Dzina la Penti pa Bolodi la Odwala

Bolodi la odwala ndinapanga ndine. Lili pakhoma lakumanzere mukangolowa m'tchalitchi chathu. Thabwa ndinasankha ndekha, ndinalipala, n'kulipaka penti wakuda katatu. Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani: za mabutchala, za malo ometera, manambala a pamageti. Choncho mpingo utafuna munthu wolemba mayina a odwala, panalibe zoti n'kuvoterana. Dzanja langa silikhotetsa mzere.

Dongosolo lake n'losavuta. Munthu akadwala, achibale ake amandiuza Lamlungu m'mawa, ine n'kulemba dzina ndi choko. Nthawi ya pemphero ikakwana, mlaliki amatembenukira kubolodi n'kuwerenga mayinawo limodzilimodzi. Munthu akachira, amabwera yekha ndi kansalu konyowa n'kufufuta dzina lake mpingo wonse ukuimba. Anthu amalikonda tsiku limenelo. Ena amalira, ena amaomba m'manja.

Za amene sanachire palibe anaikapo dongosolo. Palibenso anafunsapo kuti mayina awo amapita kuti. Ndinkafufuta ndine, Lolemba masana, m'tchalitchi muli mpheta zokha kudenga. Ndinachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi. Sizinkandivuta. Choko sichilimbana ndi madzi.

Lamlungu lina ndinalemba mayina awiri motsatizana. Pamwamba la mkazi wanga. Pansi pake la akazi a wansapato, amene tonse timangowatchula kuti mayi a mapasa.

Wansapato amasoka nsapato pakhonde loyang'anizana ndi langa. Pakati pathu pali msewu wokha. Ndi munthu wapakamwa. Amalankhula misomali ili kukamwa, ndipo sindidziwa kuti zimatheka bwanji kuti sanamezepo ngakhale umodzi. Amanditchula kuti a Burashi. Ine sindimutchula kanthu. Ndimangomuyang'ana, iye amadziwa kuti waitanidwa.

Akazi athu anagonekedwa wodi imodzi, mabedi oyandikana, pakati pali kakabati kamodzi. Matenda awo anali osiyana mayina, koma dokotala ankapukusa mutu chimodzimodzi pa mabedi onse awiri. Kwa milungu isanu ndi umodzi ine ndi wansapato tinkatseka malo athu nthawi imodzi n'kukwera basi imodzi, aliyense ndi fulasiki yake ya tiyi. Tikafika, iye ankapemphera mofuula mpaka nesi kubwera kudzamukumbutsa kuti muno si m'bwalo la mpira. Ine ndinkakhala m'mphepete mwa bedi n'kumasisita phazi la mkazi wanga. Ndinkapemphera ndithu, koma cham'kati. Ndinkati Mulungu si gonthi.

Mkazi wanga anamwalira Lachinayi cha m'ma teni koloko m'mawa. Ine ndinali pamakwerero, ndikulemba mawu akuti NYAMA YA LERO pakhoma la butchala. Foni inalira ndili pa chilembo chomaliza. Nditamva uthengawo ndinabweza foni m'thumba n'kumaliza chilembocho. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake.

Mayi a mapasa anatuluka m'chipatala patapita milungu itatu.

Lolemba lotsatira maliro ndinapita kutchalitchi ndi kansalu kanga. Ndinakanyowetsa pampopi wapanja monga mwa masiku onse. Ndinaima patsogolo pa bolodi, madzi akudontha kuchoka m'manja mwanga mpaka anapanga kathaphwi pasimenti. Kenako ndinabwerera kumalo anga antchito. Ndinatenga kachitini ka penti woyera wamafuta ndi kaburashi kaching'ono kwambiri, kamene ndimalembera manambala a foni. Ndinadutsitsa penti pamwamba pa choko, chilembo ndi chilembo, osaphonya. Kuyera kwake kunali kumodzi. Munthu wokhala pabenchi sakanasiyanitsa.

Sindinaganize kuti ndikulakwa. Mumtima ndinangoti: munthu mwatenga, dzina lokha lisiyeni.

Nsanje inayamba ndi chakudya chamasana. Atayamba kupezako mphamvu, mayi a mapasa ankabwera pakhonde la amuna awo dzuwa lili paliwombo, akuyenda pang'onopang'ono, atanyamula mbale ziwiri zovundikirana zomangidwa m'kansalu. Ankakhala pakabokosi ka zidendene. Sipankapita mphindi ziwiri asanayambe.

“Mchere mwauiwalanso, amayi.”

“Adokotala analetsa.”

“Analetsa inu, osati ine!”

“Idyani, bambo inu. Pakamwa ngati wailesi yosowa pozimitsira.”

Ndinkamva zonse. Chakudyacho sindinkachisirira. Ndinkasirira mkanganowo. Kunyumba kwanga ndikachulutsa mchere palibe wondiuza. Supuni ikagwa pansi imalira mpaka kumaliza yokha.

“A Burashi!” wansapato ankafuula tsidya la msewu. “Bwerani tidye, chikwana atatu! Chopanda mchere koma n'chachikondi!”

Tsiku loyamba ndinamuonetsa manja anga openteka. Tsiku lachiwiri ndinapukusa mutu. Tsiku lachitatu ndinanyamula tebulo langa n'kulitembenuzira kukhoma. Kuwala kunali kochepa mbali imeneyo, maso ankandiwawa, koma ndinalisiya choncho.

Nthawi yomweyo nsapato yanga yakumanzere inayamba kuyasamula kutsogolo. Kwa zaka makumi awiri palibe wina anagwirapo nsapato zanga koma wansapatoyo. Ndinaimanga ndi kawaya. Anaona, poti iye munthu amayamba kumuyang'ana kumapazi.

“A Burashi, nsapato yanuyo ili ndi njala! Bweretsani kuno isanameze mwana wa munthu!”

Ndinadutsa ngati akulankhula ndi galimoto.

Ndikakhala ndekha ndinkaika akazi awiriwo pasikelo. Wanga anasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankayendera odwala ngakhale mvula ikugwa. Mayi a mapasa amasinza ulaliki usanafike pakati, mpingo wonse ukudziwa. Wanga sananenepo munthu miseche. Ndinkaika ichi mbali iyi, icho mbali iyo, ndipo sikelo inkagwera kwa wanga nthawi zonse. Ndikudziwa kuti maganizo amenewa ndi onyansa. Ndikuwalemba chifukwa ndinawaganiza.

Lamlungu lofufuta dzina la mayi a mapasa, tchalitchi chinadzaza. Wansapato anavala jekete. Anapempha kuti anene mawu awiri, ndipo aliyense ankadziwa kuti sakhala awiri.

“Abale, Mulungu wathu amamva! Ine ndinasala kudya masiku atatu, ine amene mukundidziwa pa nkhani ya mbale!” Anthu anaseka. “Ndinafuula mpaka manesi anandithamangitsa. Koma taonani, mayi awa ali chilili! Mukamuitana mokweza, abale, sakupatsani msana!”

Mpingo unati ameni. Ine ndinamva mawu ena. Ndinamva kuti: iwe sunafuule.

Nyimbo inayamba. Mayi a mapasa anapita kubolodi ndi kansalu konyowa. Dzanja lawo linkanjenjemerabe chifukwa cha mankhwala, choncho pofufuta dzina lawo kansalu kanakwera n'kudutsa pa dzina la pamwamba. Lawo linachoka. La pamwamba silinasinthe. Anaima. Anakanda chilembo chimodzi ndi chikhadabo. Kenako anatembenuka n'kufufuza ndi maso mpaka anandipeza pabenchi lomaliza. Anapinda kansalu n'kubwerera pamalo pawo.

Ena onse ankaganiza kuti ndikungochedwa kufufuta chifukwa cha chisoni. Abusa athu anayamba kulumpha dzina loyamba powerenga. Sanandifunse. Mayina ena ankabwera n'kupita pansi pake, la mkazi wanga lili pomwepo.

Kutchalitchi sindinasiye kupita. Koma sindinkaimba, ndipo pa pemphero sindinkatsinzina. Ndinkapita ngati mlonda. Ine ndi Mulungu tinali ngati anthu awiri okhala nyumba imodzi amene amapatsana njira pakhomo osapatsana moni.

Panapita miyezi isanu. Kenako kunabwera mlaliki wa mpingo wina, munthu wa mawu amphamvu, wopukuta thukuta ndi mpango waukulu. Palibe anakumbuka kumuuza za bolodi. Nthawi ya pemphero itakwana anatembenuka, n'kuwerenga dzina loyamba momveka bwino, poti ndinalilemba momveka bwino.

“Ambuye, mayi amenewa sakhalitsa pabedi! Sabata ino yomweyi adzuke, asambe, adye, abwerere kunyumba kwa amuna awo!”

M'tchalitchi munati zii. Nkhalamba ina yosamva bwino, imene imakhala pafupi ndi zenera, ndi yokhayo inati ameni. Mkulu wa mpingo anathamanga n'kukoka mlalikiyo jekete. Mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, anaimirira atagwira pakamwa n'kutuluka akulira. Kulira kwake kunkamveka mpaka kumpopi.

Chimene sindinauze munthu ndi ichi. Mlalikiyo akulankhula, ndinamukhulupirira. Kwa kanthawi kochepa ngati kupuma kamodzi, ndinaona mkazi wanga akutsegula geti, chikwama chake cha kuchipatala chili m'manja, akudandaula kuti sindinathirire maluwa. Kenako zinatha. Anamwalira kachiwiri, pabenchi lomaliza, ine ndekha ndikudziwa.

Lachiwiri abusa anabwera kumalo anga antchito. Ndi munthu wamkulu, woyenda mosamala ngati wanyamula madzi. Anayang'ana tebulo loyang'ana kukhoma, koma sanafunse.

“Bambo, dzulo ndinayesa kufufuta ndi manja anga. Kansalu kanachita kung'ambika.”

“Ndi penti.”

“Ndaona kuti ndi penti.”

Ndinapitiriza kutsuka maburashi m'palafini.

“Alamu anu akuti sabweranso mpaka dzinalo litachoka. Mlendo uja wandiimbira kanayi kupepesa. Bolodi lija ndi la odwala, bambo, ndipo akazi anu sakudwalanso. Lamlungu likubwerali lisapezeke. Mukachotsa inu, zikhala bwino. Mukakana, akulu a mpingo agula penti wakuda, apaka okha ndi chiburashi chopentera khoma. Mapentedwe awo mukuwadziwa.”

“Akapaka iwo, sindidzapondakonso.”

“Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera ndekha.” Anandiyang'ana m'maso. “Mwakwiyira ndani kwenikweni?”

Tsidya la msewu wansapato ankakhoma chidendene uku akuimba mosalongosoka. Abusa anayang'ana kumeneko.

“Amene aja sanakulandeni kanthu.”

“Sindinatero.”

“Simunatero ndi pakamwa,” anatero, n'kutenga chipewa chawo.

Lachitatu ndinatsimikiza mtima. Sindichotsa. Apake okha, ine ndizikhala kunyumba Lamlungu. Ndinaona kuti n'zosavuta. Kwa miyezi isanu ndinali nditatuluka kale, kunangotsala mapazi.

Lachinayi masana ndinamva mapazi okwekwesa kumbuyo kwanga, ndi mawu a wansapato akutsatira.

“Amayi, asiyeni! A Burashi akuluma masiku ano!”

“Bwererani mukasoke nsapato za eni.”

“Ndingokuperekezani.”

“Msewu womwewu? Pitani.”

Anapita. Mayi a mapasa anakhala pachitini chachikulu chovundikira, akupumira m'mwamba ngati akwera phiri. Anamasula kansalu n'kuika kapu patebulo panga. Inali yobiriwira, yachitsulo, yosupuka pang'ono pakamwa. Ndinamugulira mkazi wanga chaka chimene tinasamukira m'nyumba yathu.

“Nesi anaiponya m'chikwama changa pochotsa zinthu m'kakabati kaja. Yakhala kwathu miyezi yonseyi. Ndinkaopa kubweretsa.”

Ndinati zikomo.

“Mumandida, bambo?”

“Ayi.”

“Bodza silikukhalani. Mukandiona mumatembenukira kukhoma ngati ndinakuberani mbuzi.”

Ndinayang'ana kapu.

“Mukuganiza kuti ndinachira ngati mmene amanenera bambo aja m'tchalitchi? Ndowa yamadzi sindinyamula. Mapiritsi asanu ndi awiri pa tsiku. Mwezi uliwonse amanditenga magazi kuti aone ngati zabwerera. Anzanuwo m'mawa uliwonse amandigwedeza phewa kuti aone ngati ndikupuma, kenako amanamizira kuti akufuna masokosi. Kufuula konse kuja ndi mantha.”

“Koma mulipo.”

Ndi mawu okhawo amene ndinali nawo. Anatuluka olimba kuposa mmene ndinkafunira.

“Ee, ndilipo. Chifukwa chake sindikuchidziwa, ndipo musandifunse. Anzanga aja anali abwino kundiposa, ndikudziwa, inunso mukudziwa. Ine ndimasinza m'tchalitchi.”

Nkhope inanditentha ngati andigwira ndi sikelo yanga m'manja.

“Ndabwera kudzakuuzani za Lachitatu lija, kutatsala tsiku limodzi. Dokotala anabwera m'mawa. Kwa ine anati magazi ayamba kubwerera m'malo. Kwa anzanga anangoyang'ana pepala n'kudutsa. Atatuluka, akazi anu anatembenuza mutu n'kuti, ‘Iwe utuluka muno.’ Ine ndinati tonse tituluka. Anati, ‘Usandinamize, sindine mwana. Iwe utuluka, ukaona mapasa ako akukwatira. Ndikukuchitira nsanje mpaka mano akundiwawa.’”

“Mkazi wanga sakanatero.”

“Anatero. Munalipo inu?”

Sindinalipo. Ndinali kokagula penti wofiira wa butchala.

“Ndiye anati, ‘Ndamuuza kale Mwini wake. Ndamuuza kuti sizinandisangalatse, ndiponso kuti ndikuona ngati akukondera.’ Ine ndinachita mantha. Ndinati, anzanga, Mulungu amauzidwa zimenezo? Anati, ‘Nanga ndikauze ndani? Nesi?’ Ndinafunsa kuti wayankha chiyani. Anati, ‘Palibe. Koma sanachoke. Ali pompano, ndipo inenso sindimuchokera.’ Atatero anandipempha kuti ndiwapese tsitsi, poti inu mubwera madzulo.”

Tsitsilo ndinalikumbuka. Linali lopesedwa bwino tsiku limenelo. Ndinaliona, osanena kanthu.

Nsanje ina inandigwira, yatsopano. Zaka makumi atatu ndi ziwiri m'nyumba imodzi, koma mawu amenewa anakawasiya kwa munthu wa bedi loyandikana.

“Bwanji sanandiuze ine?”

“Mukanatani? Mukanangosisita phazi mwamphamvu.” Anapukuta maso ndi nsonga ya kansalu, koma pakamwa pawo pankafuna kuseka. “Za inu ananenanso. Anati, ‘Bambo aja akapsa mtima salankhula, amapenta. Chaka china titakangana anapenta chitseko cha bafa katatu sabata imodzi. Ndikapita, udzaone chimene adzapente.’ Ndiye tsiku lija kansalu katakana pabolodi, ndinati, eya, ndi chimenechi. Ndinasowa kuti ndiseke kapena ndilire.”

“Kanali kawiri.”

“Chiyani?”

“Chitseko. Ndinapenta kawiri.”

Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu. “Anzanga anapirira,” anatero. Anadzuka pogwirira tebulo, n'kuwoloka msewu. Wansapato anali ataima kale m'mphepete, dzanja atatambasula.

Lachisanu ndinalemba chikwangwani cha malo ochapira magalimoto. Ndinalakwitsa chilembo, chinthu chimene sichinandichitikirepo kwa zaka zambiri. Kapu inali patebulo tsiku lonse.

Loweruka masana ndinatenga mpeni wopalira, sandipepala ndi chitini cha penti wakuda. Amayi osesa anali atamaliza. M'tchalitchi munkanunkha fumbi lonyowa. Ndinaika zida pabenchi n'kuima patsogolo pa bolodi. Sindinali nditatsimikiza kuti ndichotsa. Ndinangobwera nazo.

Ndinayesa kunena cham'kati monga kale, koma sizinayende. Ndinakhosomola. Mawu anatuluka ngati chitseko cha dzimbiri.

“Ndili ndi nsanje.”

M'nyumba yopanda anthu mawu amakula. Ndinayang'ana kumbuyo. Kunalibe munthu.

“Wa wansapato munamusiya. Wanga munatenga. Chifukwa chake sindikuchiona.” Ndinapuma. “Ngati n'chifukwa choti sindinafuule, munandipanga ndinu chonchi.”

Mpheta zinkakangana kudenga.

“Sizinandisangalatse.”

Ndinadikira. Palibe chinachitika. Mphepo sinaombe, mtima sunapepuke. Koma ndinadziwa kuti sindinalankhule ndi khoma. Khoma ndimalidziwa, ndinali nditaliyang'ana miyezi isanu. Apa panali wina womva, amene sanayankhe, ndipo sanachoke.

Ndinatenga mpeni. Ndinayambira chilembo chomaliza, kubwerera m'mbuyo. Penti wamafuta wa miyezi isanu sachoka mwaulemu. Ankatuluka tizidutswa ting'onoting'ono, toyera, n'kumagwera pansapato yanga yomanga ndi waya. Bolodi linkagwedera pamisomali yake ndikakanikiza, mpeni n'kumaterereka. Ndinali pa chilembo chachitatu pamene manja awiri akuda ndi polishi anagwira m'mbali mwa thabwalo n'kulikanikizira kukhoma.

Anali wansapato. Ayenera kuti anandiona ndikudutsa ndi chitini. Sindikudziwa kuti anamva zingati. Sananene kanthu, ndipo m'zaka makumi awiri aka kanali koyamba. Ndinapala, iye atagwira. Thukuta linkatsikira m'kolala yake. Chilembo choyamba, chachikulu chija, chinatenga nthawi yaitali kuposa zonse, poti ndinachipaka kawiri.

Zitatha ndinakwecha ndi sandipepala mpaka thabwa linaonekera. Iye anasiya bolodi n'kuwongola msana.

“A Burashi.”

Ndinamuyang'ana.

“Tsiku lija ndinalankhula mopusa. Za kufuula zija.”

“Ee.”

“Ee basi? Munthu ndikupepesa!”

“Ee.”

“Mayo ine. Akazi anu akalandira mphoto yaikulu kumwamba.” Anapisa m'thumba la ovololo n'kutulutsa chisongole ndi ulusi wopaka phula. “Vulani chilombocho. Chikundichititsa manyazi. Anthu akuti ndikukhala moyang'anizana ndi munthu woyenda pa waya.”

Ndinavula. Anakhala pabenchi n'kuyamba kusoka, akudandaula kuti waya wawononga chikopa, kuti chidendene chadyekera mbali imodzi chifukwa ndimayenda ngati munthu wokwiya, kuti guluu wa masiku ano ndi madzi. Ine ndinaima ndi sokosi pasimenti yozizira n'kupaka penti wakuda pamalo opalidwawo, mopyapyala, kawiri. Tizidutswa toyera ndinatisesa ndi dzanja n'kukatitaya m'maluwa apanja, amene mkazi wanga anabzala.

Malowo amaonekabe dzuwa likalowera pazenera lakumadzulo. Ndi kachigamba kakuda kwambiri kuposa bolodi lonse. Anthu sakaona. Ine ndimakaona.

Lamlungu m'mawa anandiuza kuti nkhalamba yosamva ija yagonekedwa, chifuwa. Ndinalemba dzina lake pamwamba, pakachigambapo, ndi choko. Mlamu wanga anabwera, anayang'ana bolodi, n'kukakhala pamalo pake. Nyimbo sindinaimbe. Koma abusa atawerenga mayina ndinatsinzina, ndipo pomaliza ndinati ameni momveka, moti mayi wa pabenchi lakutsogolo anacheuka.

Lolemba ndinabwezera tebulo poyera. Maso anasiya kuwawa.

Nsanje sinathe. Ndisaname. Masana aliwonse mayi a mapasa amabwerabe ndi mbale zawo, pang'onopang'ono, wansapato n'kudzuka kukawalandira ngati achokera kutali. Dzulo anayambanso.

“Amayi, kodi mchere unakulakwirani chiyani?”

“Funsani adokotala.”

“Adokotalawo amadya kuno?”

Chinthu chija chinandigwira pachifuwa, pamalo pomwe paja. Ndinathira tiyi m'kapu yobiriwira. Sindinatembenukire kukhoma. Ndinayang'ana anthu awiriwo akulimbirana supuni, n'kunena chapansipansi, koma ndi pakamwa:

“Mukuonatu. Zayambanso kundiwawa.”

“A Burashi, mukulankhula ndi ndani?” wansapato anafuula.

Ndinamwa tiyi.